Mfumu Mlekeni Ikhala Phata la Kompyuta

Dziko la Dikirani silivuta kulipeza. Mukawoloka mtsinje wa Tidzaona n'kudutsa mudzi wa Zilim'njira, mudzapeza anthu ataima pamzere. Musawafunse chimene akudikira, ambiri anaiwala. Ingotsatani mzerewo, ukakufikitsani ku likulu, ku Bweranimawa, kumene kunkalamulira Mfumu Mlekeni Wachitatu.

Mfumuyi sinali yankhanza ayi. Vuto lake linali makutu, ankatopa msanga. Nkhani iliyonse inkangomva theka loyamba, theka lachiwiri n'kulisiyira adzukulu.

Pa msika wa Tingopirira, pakati pa wogulitsa makala ndi wometa, panali kanyumba ka malata ka Yotamu Kadzakumanja. Mnyamatayu anaphunzira za makompyuta ku yunivesite ya kutsidya, ndipo digiri yake inali pakhoma pomwepo, ikutseka kabowo kolowera mphepo. Ntchito yake inali youkitsa mafoni ogwera m'ndowa. Makasitomala akasowa ankasewera bawo yekha, mbali zonse ziwiri, ndipo akaluza ankakhumudwa ndithu. Kutsidya kwa kanjira kunali makina osokera a Mafunase, bwenzi lake. Za chinkhoswe chawo akuluakulu anali atagwirizana kale kuti chidzachitika anthu akatha kukolola.

Tsiku lina pulinta ya kunyumba yachifumu inaleka kutulutsa zithunzi za Mfumu. Limeneli linali tsoka la dziko lonse, choncho anatumiza galimoto kukatenga Yotamu. Iye anapeza kuti mphemvu zamanga mudzi m'kati mwa pulintayo. Anazisamutsa. Akumanga masikuluwu, Mfumu inaloza kompyuta ndi ndodo yake.

"Iwe mnyamata, m'kabokosi aka mumakhala ndani?"

"Mapulogalamu, Mwinidziko. Ena olembera, ena oimba nyimbo, ena oonetsa zithunzi zanu."

"Onsewo m'nyumba imodzi? Samenyana?"

Chiyambire kumaliza sukulu palibe amene anali atamufunsapo Yotamu funso lotere. Lilime linamuyabwa.

"Ilipo pulogalamu yaikulu yoyang'anira anzake onse. Kusukulu timati opaletingi sisitemu. Pakatikati pake pali chimene tingati phata. Phata lokhalo ndilo limakhudza zitsulo zenizeni, kaya disiki, kaya pulinta. Pulogalamu ikafuna kutsegula fayilo siitsegula yokha, imaitana phata kuti tsegula. Ikafuna kulemba imati lemba, ikatha imati tseka. Mawu oitanirawo ndi owerengeka, ndipo ndi amodzimodzi pa makina onse otsata muyezo umodzi, kuti pulogalamu yolembedwa kuno ikagwirenso ntchito kutsidya."

"Siikhudza kanthu yokha?"

"Ngakhale pang'ono. Ikafuna kubala pulogalamu inzake imapemphanso."

"Nanga yamwano?"

"Pali mawu ena akuti ipha, koma phatalo ntchito yake kwenikweni ndi..."

"Basi, basi, ndamva," inatero Mfumu, maso akuwala. Makutu anali atatopa.

Theka limene linatsala m'kamwa mwa Yotamu linali lakuti phata limayankha mapempho zikwizikwi munthu asanaphethire, siligona masana, silikhala ndi mdipiti wa magalimoto, ndipo phata labwino ndi limene anthu amaiwala kuti lilipo. Anabwerera nalo kumsika theka limenelo, pamodzi ndi sikuludiraiva yake.

M'mawa mwake ng'oma inalira. Nduna Yaikulu, a Vomerezani, anakwera pa ngolo pakati pa msika wa Tingopirira. Bamboyu khosi lake linali lolimba kwambiri m'dziko lonse chifukwa chogwedeza mutu kwa zaka zambiri.

"Anthu a Dikirani! Maiko ena akuyenda wapansi, ife tadumpha! Kuyambira lero dziko lino liziyenda ngati kompyuta. Mfumu ndiyo Phata. Inu nonse ndinu mapulogalamu."

"Ine ndimayesa ndine Nangozo," anatero mayi wogulitsa tomato.

"Pulogalamu siyankha Nduna! Palibe amene adzatsegule, kutseka, kuwerenga, kulemba, kubala kapena kulumikiza kanthu popanda kuitana Phata. Aliyense azipita pa Zenera la Maitano kunyumba yachifumu, azifuula pempho lake, n'kudikira mpaka Mfumu itanena ndi pakamwa pake kuti inde. Mawu akuti ipha aliponso, koma Mfumu mwa chifundo chake yawasungira nthawi ya zisankho."

"Zisankho kuno ziliko?" anafunsa wometa.

"Ndicho chifukwa chake ndati mwa chifundo chake."

Anthu a Dikirani sakangana ndi lamulo, amangolilambalala ngati chithaphwi. Sabata lisanathe zitseko zonse m'dziko zinali zitazulidwa, pakuti chitseko chimene kulibe sichifuna kutsegula. Akuba anadandaula kuti ntchito yawo yatha ulemu. Ana a sukulu anaonetsa kukonda dziko lawo kuposa aliyense, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula buku popanda chilolezo. Ku Zilim'njira mayi wina anabereka osaitana. Mlonda atabwera kudzamudzudzula, mayiyo anamupatsira khandalo nati, "Muuzeni nokha, wolakwayo ndi uyu." Mlondayo anafuna kulemba mlandu, koma kulemba kunkafuna inde. Anakaima pamzere.

Yotamu moyo unamuwawa. Zinadziwika kuti nzeruzi zinatuluka m'kamwa mwake.

"A Pulogalamu, mwadzuka bwanji?" ankamupatsa moni wamakala. "Kapena ndikapemphe kaye ndisanatsegule pakamwa?"

Chimene chinamupweteka koposa chinali chakuti bwalo la nduna linagamula kuti chinkhoswe ndi kulumikiza. Alonda ankayenda m'midzi kutchera khutu, akamva nthungululu n'kubalalitsa anthu. Yotamu anakafuula pempho lake pazenera tsiku lomwelo, n'kusiya nkhwaira zake pamzere kuti zimusungire malo, monga ankachitira onse. Koma Mfumu inkayankha kuyambira ikadya m'mawa mpaka tulo ta masana tikaipeza, ndipo mapempho a nduna ankadutsa kutsogolo. Nduna ikafuna kutsegula botolo, inde. Ikafuna kulitsekanso, inde. Nkhwaira za Yotamu zinayamba kumera ndere.

Kukolola kunatha. Thobwa la chinkhoswe linafululidwa, linadikira, linasasa. Lachitatu lina a Gwirize, atsibweni ake a Mafunase, anafika pakanyumba ka malata ali ndi ambulera m'khwapa ngakhale kunalibe mitambo.

"A Kadzakumanja, ine sindinaphunzire za mabokosi anuzo. Chimene ndikudziwa n'chakuti chimera chathu sichochita kutola. Tafululanso. Loweruka likubwerali chinkhoswe chichitike. Chikapanda kuchitika, kuli mnyamata wa lole wa ku dziko la Zikuyenda, wabwera kale kawiri kudzandifunsa za thanzi langa. Munthu safunsa thanzi la nkhalamba pachabe."

"Atsibweni," anafuula Mafunase ali pamakina ake, phazi osaleka kupalasa, "ine si thumba la mtedza loti mukweze pa lole."

Yotamu anamwetulira.

"Nawenso usasangalale," anapitiriza Mafunase. "Kudikira ndimadziwa, ndinabadwira konkuno. Koma diresi ndinasoka kale ndipo ndikunenepa. Unamangirira dziko ndi pakamwa pako, ulimasule ndi pakamwa pomwepo. Loweruka likadutsa, thanzi la atsibweni ndiyamba kulifunsa nawo."

Lachinayi Yotamu anatenga sikuludiraiva napita kunyumba yachifumu ngati wokaona pulinta. Analowera kukhitchini. Kumeneko anapeza Mayi Nanzunga, wophikira Mfumu, akutsegula nkhokwe ya zakudya, akutsegula chitini cha shuga, akutseka, akutsegulanso, ngati lamulo linapangidwira dziko lina.

"Mayi, mwaitana Phata?"

"Phata lakutilo? Mwanawe, ndikamadikira inde ameneyo adya liti? Paja mwambo wa makolo umati pakamwa pa Mfumu sipatuluka mawu isanalawe phala la m'mawa. Agogo ake ankatero, bambo ake ankatero. Uyu ngakhale kutsokomola amadikira phala."

Yotamu anaima chiimire. Anamva ngati mmene amamvera pa bawo akaona dzenje limodzi loti ukaliyamba umadya mzere wonse. Anayesa kusewera mbali inayo m'mutu mwake, kufuna pothawira. Sanapapeze.

Masana omwewo anagwada m'bwalo, nduna zitakhala mozungulira.

"Wawa, Mwinidziko. Pulinta ili bwino. Koma ndamva mphekesera yochokera ku Zikuyenda, ndikuopa kuinena."

"Nena theka," inatero Mfumu.

"Akuti Phata lathu ndi longoyerekeza. Akuti m'kompyuta yeniyeni mulibe pulogalamu yolowera khomo lakuseri, koma kuno khitchini ya Mfumu imatsegula ndi kutseka mmene ikufunira."

Mfumu inamenya ndodo pansi. "Anthu a ku Zikuyenda aziseka ine? Kuyambira mawa ngakhale chivundikiro cha poto chisasunthe ndisananene! Ikani loko pankhokwe, mlonda aime pamenepo!"

"Zomwezo ndinkaganiza ine kuyambira kale," anatero a Vomerezani.

Lachisanu m'mawa Mayi Nanzunga anafika pa Zenera la Maitano, mthiko uli m'manja. Popeza anali a m'nyumba, anawadutsitsa kutsogolo.

"Tsegula nkhokwe ya Mfumu!"

Mfumu inatsegula pakamwa kuti inene inde. Kenaka inakumbukira agogo ake, n'kutsekanso. Inaloza pamimba. Mayi Nanzunga analoza loko. Mfumu inaloza Mayi Nanzunga. Mayi Nanzunga analoza pakamwa pa Mfumu. Anakhala akulozerana choncho mpaka dzuwa linakwera.

Bwalo la nduna linakumana mwadzidzidzi. Wina anati Mfumu ingogwedeza mutu, koma Nduna ya Malamulo inakumbutsa kuti lamulo likuti ndi pakamwa pake. Wina anati ilembe papepala, koma kulemba kumafuna inde. Wina anathamanga kukathyola nthochi kuseri, koma bwalo lomweli linali litagamula kale kuti kusenda nthochi ndi kutsegula, pofuna kugwira mayi wina wamwano wa kumsika. Ndiponso mwambo unkanena phala, osati nthochi. Kusintha mwambo kunkafuna mawu a Mfumu. Kusintha lamulo kunkafuna mawu omwewo.

Apa m'mimba mwa Mfumu munalira, kulira kwakutali ngati mvula ya kumapiri.

"Phata layankhula!" anafuula a Vomerezani ataimirira.

"Lati inde kapena lati ayi?" inafunsa Nduna ya Malamulo.

Bwalo linagawikana pawiri. Ena anamva inde, ena anamva ayi, ndipo nduna ina yachikulire inati yamva Mfumu ikulonjeza msewu watsopano. Anakhazikitsa komiti yomasulira, koma komitiyo sinathe kutsegula zokambirana zake.

Dzuwa litapendeka, Mfumu itayamba kuyang'ana nduna yonenepa kwambiri ngati ndiwo, munthu wina anakumbukira mnyamata wa pulinta. Sanavutike kumufuna. Anali pamthunzi panja pa geti, akusewera bawo pamchenga.

"Izi zimachitika, akuluakulu," anatero Yotamu atagwada. "Uyu akudikira uyo, uyo akudikira uyu, makina onse amangoti zii. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupha mmodzi mwa awiri odikiranawo."

Maso onse anatembenukira kwa Mayi Nanzunga.

"Chabwino," anatero mayiwo akusisita mthiko. "Ndiye aziphika ndi a Vomerezani?"

Maso anatembenukira mbali inayo, anakumana ndi maso a Mfumu, ndipo onse anayamba kusirira simenti ya pansi.

"Tiuze yachiwiri," anatero a Vomerezani.

"Kuzimitsa zonse, kudikira, n'kuyatsanso. Makina akazima mulibe phata, mulibe pulogalamu, mulibe mzere. Zonse zimene zinali m'mutu mwake amaiwala."

"Nanga mwambo wa phala?"

"Mwambo umamanga Mfumu. Dziko likazima kulibe Mfumu. Kuli bambo wina wanjala basi."

Mfumu inagwedeza mutu mwamphamvu moti a Vomerezani anachita nsanje.

"Tizimitse nthawi yaitali bwanji?" anafunsa a Vomerezani.

"Kakompyuta kakang'ono mumangowerenga mpaka khumi," anatero Yotamu, nkhope ili gwa. "Koma ili ndi dziko, lili ndi mapiri, mitsinje, nduna. Limatentha kwambiri. Kuti lizizire bwino, mpaka Lolemba."

"Nanga azimitse ndani, poti Mfumu singalamule?"

"Makina akauma sadzizimitsa okha. Pamafunika chala chochokera kunja."

Nduna zonse zinabisa manja m'matumba. Kenaka Mayi Nanzunga anapukuta manja pachitenje, anayenda mpaka pampando wachifumu, ananyamula chisoti pamutu pa Mfumu ngati akuphula poto, n'kuchiika pamwamba pa kabati.

"Bambo, phala la mpunga kapena la mgaiwa?"

"Onse awiri," anatero bamboyo.

Loweruka limenelo dziko la Dikirani linali lozima. Zitseko zinabwerera m'malo mwake. Anthu anakatenga nsapato zawo pamzere, ena anatenga zabwinoko. A ku Zilim'njira, posowa wowaletsa, anamanga okha mlatho umene unali m'njira kuyambira nthawi ya Mlekeni Woyamba. Ana a sukulu okha ndiwo anayenda ndi nkhope zachisoni.

Pakhomo pa a Gwirize nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Anatulutsa atsikana atafundidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi kuti Yotamu asankhe wake. Iye anawazungulira mwaulemu ngati akuvutika, koma anali ataona kale phazi lina lakumanja likupalasa pansi lokha, likufuna makina osokera. Ankhoswe a mbali zonse anasinthana tambala ndi msoti. Kenaka inabwera mbale ya nkhuku yootcha, imene ankhoswe amagawana kuti banja likhale ndi mboni.

Pabenchi ya akuluakulu panali bambo wina wonenepa, wadazi, amene anangotsata fungo kuchokera kumsewu. Palibe anamuzindikira, chifukwa pazithunzi zonse za m'dziko dazilo linali lobisika. Anamupatsa malo poti mlendo sathamangitsidwa pachinkhoswe. Mbale ikudutsa, bamboyo anatambasula dzanja n'kuzula mwendo.

Nthawi yomweyo galimoto inaima pamsewu. Anatsika a Vomerezani, thukuta lili kamukamu, atanyamula jumbo. M'jumbomo munali chisoti. Khosi lawo linali litauma chifukwa chosowa wogwedezera.

"Imani! Imani! Nduna zagwirizana kuti dziko liyatsidwe lero, anthu ayamba kuzolowera. Ndipo zonse zimene zachitika dziko lili lozima sizikuwerengedwa. Mlatho uja ugwetsedwe. Chinkhoswe chinonso kulibe. Si iwe unanena wekha kuti makina ozima sasunga kanthu?"

Yotamu anafufuza m'mutu mwake, mbali zonse ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba anapeza kuti wadzidya yekha. Nduna inali kunena zoona. A Gwirize anayamba kusisita ambulera yawo, maso ali kumsewu wa ku Zikuyenda.

Mafunase anayang'ana chisoti m'jumbo, anayang'ana dazi la pabenchi, anayerekeza kukula kwake ndi diso la telala.

"A Nduna, makina kaya amaiwala, zimenezo mufunse mwamuna wangayu. Koma bambo awa adya nkhuku ya ankhoswe. Fupa ndi ilo m'manja. Wodya nkhuku imeneyi ndi nkhoswe wathu, kaya wavala chipewa kaya sanavale. Tikayambana tidzagogoda kwawo."

Apa ndi pamene anthu anazindikira mlendo wawo. Ena anagwada, ena anakumbukira kuti dziko n'lozima n'kudzukanso.

Bamboyo anayang'ana fupa lija nthawi yaitali.

"Kudya ndadya," anatero. "Sindingakane, mafuta ali pamlomo. Banjali lilipo."

"Wawa, Mwinidziko, zoonadi, lilipo ndithu," anatero a Vomerezani, khosi likumasuka. "Kungoti panopa ndinu wozima. Mawu anu sagwira."

"Ndiye ndiyatse, ukudikira chiyani?"

A Vomerezani anatulutsa chisoti n'kuchikhazika pa dazi. Dziko la Dikirani linayaka. Mlonda amene ankavina kuseri anasiya mwendo uli m'malere. Yotamu ankati akonze kukhosi kuti aitane mwa dongosolo, koma Mafunase anamutsogolera, mawu ake anamveka mpaka kwa wamakala.

"Lumikiza!"

"Inde!" inatero Mfumu.

Nthungululu zinasweka. A Gwirize anaponya ambulera m'mwamba osasamala kumene igwere. A Vomerezani anasolola mpando kuti ayambe kufotokoza za mlatho, koma Mfumu inali itakweza kale manja onse awiri. Inavula chisoti yokha, inachibwezera m'jumbo, n'kumanga pakamwa pa jumboyo mfundo ziwiri.

"Dziko likadali lotentha ili, Vomerezani, ndalimva pamutu. Lisiye lizizire." Bamboyo anasuzumira m'mbale. "Nkhuku imakhala ndi miyendo iwiri. Winawo wapita kuti?"